Fuluwenza Si Chimfine Wamba: Katemera Wake Afike pa Kiliniki ya Boma

Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa nduna ndi anyakwawa ochokera m'madera a mafumu athu, a Kalindawalo, a Mumbi ndi a Mwanjawanthu kuno ku Petauke, ndiponso a Ndake, a Luembe, a Nyalugwe ndi a Mwape ku Nyimba. Ulemu womwewo upite kwa inu abusa ndi ansembe, aphunzitsi, anamwino athu, a makomiti a zaumoyo m'midzi, ndi inu a SMAG amene mumadzuka pakati pa usiku kuperekeza mayi wapakati ku chipatala.

Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi imodzi, ndipo ndiitchuliretu kuti wina asasochere nayo. Katemera wa fuluwenza alipo, ndipo maiko ena akhala akubaya anthu awo kuyambira zaka za m'ma 1940, koma sali m'gulu la akatemera omwe boma lathu limapereka nthawi zonse pa kiliniki. Ine ndikuti katemerayu ayenera kufika pa kiliniki ya boma, aziperekedwa mwaulere, ayambire kwa anthu amene fuluwenza imawagwetsa msanga, ndipo sadzafika ngati ife eni ake tikhala chete. Ndiyenda ndi mfundo zinayi. Yoyamba, fuluwenza ndi matenda otani. Yachiwiri, katemera wake amagwira bwanji ntchito ndipo mphamvu zake zimalekeza pati. Yachitatu, ayambire kwa yani, nanga n'chifukwa chiyani ndikuumirira kiliniki ya boma. Yachinayi, tichite chiyani m'nyengo yozizira ino pamene katemerayo sanafike.

Mfundo yoyamba: fuluwenza si chimfine wamba. Chimfine tonse timachidziwa. Mphuno zimachucha, munthu amayetsemula, pakhosi pamakanda, koma amanyamulabe khasu n'kupita kudimba. Fuluwenza imagwera munthu mwadzidzidzi. M'mawa anali kutonola chimanga ali bwinobwino, madzulo thupi lili moto, mutu ukuwawa, mfundo zonse zikuphwanya, chifuwa chouma chikumusowetsa tulo. Ambiri amati ndi malungo. Amapita ku kiliniki, amawabaya chala, kachipangizo koyezera malungo n'kuonetsa mzere umodzi wokha, ndipo amabwerera kunyumba ndi Panado, ena akudandaula kuti anamwino awamana mankhwala. Sanawamane. Coartem sapha kachilombo ka fuluwenza, ngakhalenso amoxicillin sakapha, chifukwa ndi vayirasi. Kachilomboka kamayenda m'timalovu tomwe timatuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula kapena kulankhula, ndipo kamatsalira m'manja. Ganizirani malo omwe timathithikana mu Juni ndi Julayi: m'basi ya pa Great East Road mazenera onse atatsekedwa chifukwa cha mphepo, m'nyumba ya maliro momwe amayi amagona mapewa atagundana usiku wonse, m'kalasi, m'tchalitchi, ngakhale pa benchi ya kiliniki pomwepo. Munthu wamphamvu amadzuka pakatha mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Koma mwa khanda, mwa nkhalamba, mwa mayi wapakati, mwa munthu wa HIV, wa TB, wa mphumu, wa shuga kapena wa mtima, matendawa amatsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo, kapena amatsegulira njira mabakiteriya omwe amadzamaliza ntchito. Pa maliro timangoti amufa ndi chibayo, timati mtima unaima, timati unali ukalamba. Dzina la fuluwenza silitchulidwa, n'chifukwa chake sitiiopa.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chaka chilichonse fuluwenza imagwira anthu pafupifupi 1 biliyoni, mwa iwo 3 mpaka 5 miliyoni amadwala mwakayakaya, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira ndi mavuto a kupuma. Musati zimenezi ndi za kwa azungu kozizira. Kuno ku Zambia, labotale ya ku University Teaching Hospital mu Lusaka yakhala ikuyeza kachilomboka kuyambira mu 2008, ndipo imakapeza chaka ndi chaka, makamaka m'miyezi yozizira. Kafukufuku wa zaka za 2011 mpaka 2014 anapeza kuti anthu pafupifupi 6,000 ankagonekedwa m'zipatala za dziko lino chaka chilichonse chifukwa cha fuluwenza, ndipo atatu mwa anayi alionse anali ana osakwana zaka 5. Amenewa ndi okhawo omwe anafika pa bedi la chipatala. Mwana amene anathera mpweya kuchigwa, kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, asanafike pa Nyimba District Hospital, sali m'chiwerengero chimenechi.

Makolo athu anaiona fuluwenza itakwiya. Mu Seputembala 1918 inatsika m'sitima za pamadzi ku Cape Town ndi ku Durban, ndipo m'milungu 6 yokha inapha anthu pafupifupi 300,000 mu South Africa. Inatsata njanji kubwera kumpoto, ndipo pofika mu Okutobala inali italowa mu Northern Rhodesia, Zambia wa lero. Inali nthawi yomwe amuna a kuno ankayenda wapansi kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, komanso amtengatenga ankabwerera kwawo kuchoka ku nkhondo yoyamba ya pa dziko lonse, yomwe kuno inathera ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Pa dziko lonse mliri umenewo unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni. Mliri wotero subwera chaka chilichonse, ndipo sindikuutchula kuti ndikuopsezeni. Ndikuutchula chifukwa matenda amenewa amayenda ndi anthu apaulendo, ndipo ife tikukhala m'mphepete mwa msewu waukulu. Basi yonyamuka pa Intercity ku Lusaka mbandakucha imakhala itafika pa Nyimba anthu akugula nthochi dzuwa lisanapendeke. Ndibwereze: fuluwenza si chimfine wamba, ndipo si matenda a kutali.

Mfundo yachiwiri: katemera amagwira bwanji ntchito. Ndi nyeleti imodzi ya paphewa, ndipo zomwe zili mkatimo ndi kachilombo kakufa kapena tizidutswa take. Chakufa sichingakudwalitseni fuluwenza. Chimangophunzitsa thupi kuti lidzamuzindikire mdani akadzabwera wamoyo, ndipo kuphunzirako kumatenga milungu iwiri. Mkono ukhoza kuwawa tsiku limodzi kapena awiri, thupi likhoza kufunda pang'ono, basi. Chovuta n'chakuti kachilombo ka fuluwenza kamasinthasintha, moti chitetezo cha chaka chatha sichikwanira chaka chino. Pa chifukwa chimenechi, kuyambira mu 1952, WHO ili ndi gulu la malabotale m'maiko oposa 100 omwe amafufuza mtundu wa kachilombo komwe kakuyenda, ndipo labotale ya ku UTH ili m'gulu limeneli. Akatswiri amakumana mu Febuluwale kusankhira maiko a kumpoto, ndipo mu Seputembala amasankhira ife a kumwera, kuti katemera akhale atapangidwa chisanu chathu chisanayambe. Taonani pomwe pali chilungamo choperewera: zoyeza zochokera m'mphuno za ana a ku Zambia zimathandiza dziko lapansi kudziwa kachilombo komwe kakuyenda, koma katemera wotuluka pa ntchito imeneyo safika pa mkono wa mayi wa kwa Mumbi.

Ndikudziwa kuti wina pano anena kuti: katemera wobaya chaka chilichonse, amenenso sateteza kotheratu, ali ndi phindu lanji? Funsoli ndi labwino ndipo sindilizemba. N'zoona kuti katemerayu safanana ndi wa chikuku, amene mwana akalandira kawiri amatetezeka pafupifupi moyo wonse. M'zaka zomwe akatswiri alasa bwino, amachepetsa kudwala ndi 40 mpaka 60 pa 100 alionse. Koma inu amene mumafolera nyumba ndi udzu mukudziwa kuti denga limafuna kukonzedwa mvula isanagwe, chaka ndi chaka, ndipo mvula ya mkuntho ikabwera madontho ena amalowabe. Palibe amene amati popeza denga limadontha pena, ndigona pamtetete. Munthu wobayitsa akadwalabe, kawirikawiri matendawo amakhala ofooka ndipo safika pomugoneka pa okosijeni. Tidziwenso kuti katemerayu sateteza ku chimfine wamba, chomwe chimabwera ndi tizilombo tina tambirimbiri. Munthu akayetsemula mu Julayi atabayitsa mu Epulo, asathamangire kunena kuti anamunamiza.

Palinso mantha, ndipo mantha sitiwathetsa powaseka. Katemera wa COVID-19 atafika mu Epulo 2021 tinamva zambiri: kuti amatseka mimba, kuti wobayitsa afa pakatha zaka ziwiri, kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Zaka zapita, obayitsa aja tili nawo m'mudzi, ndipo amayi ambiri mwa iwo abereka. Agogo omwe muli pano, pindani malaya muonetse adzukulu chipsera cha nthomba. Matenda omwe ankachititsa khungu ndi kupululutsa midzi aja analengezedwa kuti atha pa dziko lonse mu 1980, ndipo anatha ndi katemera. Kufunsa si kulakwa. Safunsa anadya phula. Koma funso lipite kwa namwino amene angaliyankhe, osati kwa uthenga wa pa WhatsApp wosadziwika mwini wake. Kwa inu amayi apakati, yankho lilipo ndipo lachokera kuno ku Africa. Ku Soweto, mu South Africa, mu 2011 ndi 2012, anafufuza amayi apakati oposa 2,000, ena a HIV ena opanda. Katemera anachepetsa fuluwenza mwa amayiwo ndi pafupifupi theka, ndipo makanda a amayi opanda HIV anatetezekanso ndi pafupifupi theka m'miyezi yawo yoyamba. Ku Bangladesh anapeza kuti fuluwenza mwa makanda inatsika ndi 63 pa 100. Ku Mali ndi ku Nepal anapezanso kuti mwana amatengera chitetezo kwa mayi wake. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa khanda losakwana miyezi 6 silingalandire katemerayu. Njira yokhayo yoti chitetezo cha katemera chilifikire ndi kudzera mwa amake ali ndi pakati.

Mfundo yachitatu, ndipo apa ndipomwe pali mtima wa nkhani: ayambire kwa yani, ndipo aperekedwe kuti. Lero munthu wofuna katemerayu ayenera kukamufunafuna ku zipatala zolipira za m'mizinda. Taganizani amene angathe kutero. Ndi munthu wa pa malipiro, wokhala pafupi ndi chipatala chabwino, amene ngakhale atadwala afika msanga kwa dokotala. Amene fuluwenza ingamuphe, mayi wapakati wa kumudzi, agogo olera ana amasiye, bambo amene akumwa mankhwala a TB, ndi amene sangakwanitse ngakhale ndalama ya basi yopita ku Lusaka. Chitetezo chili kwa amene ngozi yawo ndi yochepa, ndipo chikusowa kwa amene ngozi yawo ndi yaikulu. Boma linazindikira vuto la mtundu umenewu mu 2006 pamene linachotsa malipiro m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, podziwa kuti ndalama yochepa yomweyo imabweza wodwala pakhomo. Nzeru yomweyo igwire ntchito pano.

Tsopano ndimve a chuma, chifukwa nawonso ali ndi mfundo yolemera. Iwo ati: dziko lino likulimbana ndi malungo, TB ndi HIV, tinali ndi kolera mu 2023 ndi 2024, chilala cha 2024 chinasiya ana onyentchera, mankhwala ena amasowa pa windo la kiliniki. Ati bungwe la Gavi, lomwe limatithandiza kugula akatemera a ana, siligulira maiko katemera wa fuluwenza wa chaka ndi chaka, choncho ndalama iyenera kutuluka m'thumba lathu, chaka chino, chaka chamawa, osalekeza. Zonsezi n'zoona. Ndikanati tibaye munthu aliyense m'dziko muno chaka chilichonse, akanakhala kuti andigonjetsa. Koma sindikupempha zimenezo. WHO imatchula magulu oyambira: ogwira ntchito zaumoyo, amayi apakati, okalamba, ndi anthu a matenda okhalitsa. South Africa imatsata njira yomweyi, imagula katemera wowerengeka n'kumupereka mwaulere m'makiliniki a boma kwa magulu amenewa chisanu chisanafike. Ndipo matenda omwe a chuma akutchulawo sakupikisana ndi fuluwenza, akugwirizana nayo. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 11 pa 100 alionse m'Zambia ali ndi HIV, ndipo ku South Africa anapeza kuti munthu wa HIV ali ndi ngozi yogonekedwa ndi fuluwenza yochuluka maulendo 4 mpaka 8 kuposa mnzake wopanda kachilomboka. Tawononga ndalama zambiri kusunga munthu ameneyu ndi ma ARV zaka 10 kapena 15. Kumulola kuti atengedwe ndi chibayo cha mu Julayi, chomwe nyeleti imodzi ikanachichepetsa, si kusunga ndalama.

Komanso njira yofikira anthu amenewa ilipo kale. Mayi wapakati amabwera kale ku sikelo, amalandira katemera wa kafumbata, Fansidar ndi neti. Wa ma ARV ali ndi tsiku lake lokatenga mankhwala, wa TB chimodzimodzi. Namwino ali pa kiliniki pomwepo, ndipo iye akagona ndi fuluwenza pa malo pomwe ogwira ntchito ndi awiri kapena atatu, dera lonse limasowa thandizo, kapena amagwira ntchito akutsokomola n'kupatsira odwala. Firiji yosunga katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8 ilipo, mabokosi ozizira omangirira pa njinga yamoto alipo. Nyengo nayo ili kumbali yathu: katemerayu amayenera kubayidwa mu Epulo ndi Meyi, mvula itasiya, mitsinje itaphwa, misewu ya kuchigwa itayamba kupitika. Ndipo tinadzionera tokha mu 2022, poliyo itapezeka ku Lilongwe kenako ku Tete, kutsidya kwa malire athu omwewa, kuti azaumoyo ndi odzipereka anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana. Anthu amene anatha kufika pakhomo lililonse sangalephere kubaya mayi amene wabwera yekha n'kukhala pa benchi. Ana aang'ono ndi omwe amadzaza mabedi, ndipo ayenera kutsatira posachedwa. Koma mwana wolandira koyamba amafunika nyeleti ziwiri motalikirana mwezi, choncho ndi nzeru kuyamba ndi amake, pomwe nyeleti imodzi imateteza anthu awiri. Ndibwerezenso: pa kiliniki ya boma, mwaulere, kuyambira kwa amene ali pangozi.

Mfundo yachinayi: tichite chiyani lero. Choyambirira, akatemera omwe alipo kale tisawasiye. Pa kadi ya mwana pali katemera wa matenda asanu, pali wa chibayo wotchedwa PCV yemwe anayamba kuperekedwa mu 2013, pali wa chikuku. Amenewa sateteza ku fuluwenza yeniyeniyo, koma amatseka njira ya mabakiteriya ndi matenda ena omwe amapha mwana chifuwa chikafooka. Sabata ya thanzi la ana ikafika, kadi lililonse lituluke m'chikwama. Kenako, mayi aliyense ndi bambo aliyense adziwe kuona mwana wa chibayo. Muvuleni malaya ali phee, muyang'ane pansi pa nthiti. Ngati chifuwa chikulowa mkati pamene akukoka mpweya, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku. Werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi pa wotchi ya foni: khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, ameneyo akupuma mothamanga. Akakana kuyamwa, akakomoka, akafooka osadzuka, milomo ikada, musadikire kuti kuche. Mwana wotentha thupi musamupatse asipirini. Makapisozi ogula pa kantemba, awiri lero awiri mawa, sachiza fuluwenza, amangozoloweza mabakiteriya kuti mawa mankhwala asadzagwire. Tiyi wa mandimu ndi jinja amafewetsa pakhosi, imwani ndithu. Koma kufukiza mwana pa mphika wa madzi owira a bulugamu kwatentha ana ambiri ndipo sikupha kachilombo. Wodwala atsokomolere m'chigongono, asambe m'manja ndi sopo, agone kutali ndi khanda ndi agogo, ndipo abusa amuuze kuti kutsala kunyumba Lamlungu limodzi si tchimo.

Chotsiriza pa mfundo imeneyi ndi kupempha, ndipo pano mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zoti katemera watsopano alowe pa mndandanda zimagamulidwa ku Unduna wa Zaumoyo ku Ndeke House, mothandizidwa ndi akatswiri olangiza za akatemera ndi ziwerengero za bungwe la ZNPHI. Koma akuluakulu amenewa amamva zomwe zakwera kuchokera pansi. Inu a makomiti a zaumoyo, nkhaniyi ilembedwe m'buku la msonkhano wanu wotsatira, ipite kwa woyang'anira kiliniki, ifike ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Petauke ndi la Nyimba, ikwere ku ofesi ya chigawo ku Chipata. Mupemphe zinthu ziwiri zomveka: kuti odwala chibayo pa Kalindawalo General Hospital, pa Petauke, pa Minga ndi pa Nyimba aziyezedwa fuluwenza, kuti chiwerengero cha kuno chidziwike, ndi kuti katemera akadzayesedwa m'maboma ochepa, athu akhale m'gululo, kuyambira amayi apakati ndi azaumoyo. Makhansala ndi aphungu athu afunsidwe pa misonkhano ya thumba la chitukuko la CDF ngati kiliniki iliyonse ili ndi firiji ya dzuwa yomwe siizima magetsi akathima. Anyakwawa, ikambeni pa bwalo. Abusa, ikambeni pa guwa. Aphunzitsi, ikambeni pa msonkhano wa makolo. Amene mumaimba foni pa wailesi zathu za m'dera, funsani funso limeneli azaumoyo akabwera pa pologalamu.

Kalata yoyamba ichoke m'manja mwanu mwezi uno, isadikire maliro.